Ndinkalima Ndime ya Mwana wa Kapitawo

Inu owerenga, ine sukulu ndinalekeza sitandade thu, ndipo sikuti mutu sunkagwira kapena ndinatenga mimba ayi. Ndinaleka chifukwa akuluakulu amene ankandikonda anapita kukandimenyera nkhondo ine nditawapempha kuti asapite. Mlanduwo anawina, ife n'kutaya nyumba. Lero ndine nkhalamba, mano atha m'kamwa, koma ndikakumbukira nkhani imeneyi mtima umandiwira. Ndikufuna muimve makamaka inu amene mwana akabwera kusukulu ali ndwii mumangoti ndi za ana, komanso inu amene mumathamangira kutola ndodo musanamufunse mwanayo bwinobwino.

Ndinakulira pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, azungu akulamulabe dziko. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi kuthawa nkhanza za kumeneko, ndiye malo amene tinkakhalapo sanali athu. Nyumba tinamanga tokha, chinangwa ndi nandolo tinadzala tokha, koma dothi linali la mzungu, ndipo kuti ukhalepo unkayenera kugwira thangata, ntchito yolipirira malowo. Bambo anga anapita ku Halale ndili wamng'ono, n'kutchona konko, kutisiya ine ndi mng'ono wanga m'manja mwa mayi. Amene ankatisungira malowo anali mayi anga, ndi dengu lawo kumsana. M'mamawa ankapita kukathyola tiyi, akaweruka n'kukaima pa mzere wa sikelo. Pa sikelopo pankakhala kapitawo wa gulu lawo. Iyeyo ndiye ankapisa dzanja m'dengu n'kunena ngati masamba ndi anthete kapena okhwima, ndipo iyeyo ndiye ankachonga tikiti kusonyeza kuti munthu wagwira ntchito tsiku limenelo. Mzungu sankatidziwa ngakhale mayina, ankangodziwa zimene kapitawo wamuuza.

Kapitawo ameneyu anali ndi mwana wamwamuna dzina lake Dayisoni, ndipo tinkaphunzira kalasi imodzi pa sukulu ya mishoni imene inali m'malire a esiteti. Musaganize kuti Dayisoni anali chimphona. Kanali kamwana kowonda, ka chimutu chachikulu, miyendo ngati bango, zipere mbwee m'mutu. Ine ndinayamba sukulu mochedwa, ndinali wamtali, wozolowera kusenza mitolo ya nkhuni kuchokera kuphiri. Ndikanati ndikagwire pakhosi ndi dzanja limodzi, kakanaitana amake. Koma kanditchaya makofi, kandilavulira, kandidyera chinangwa changa chootcha, ine osakakhudza ngakhale ndi chala.

Ana si opusa, inu. Ife pa sukulu ija tinkadziwa bwinobwino amene ungamubwezere ndi amene sungamubwezere, ndipo palibe anatiphunzitsa pa bolodi. Sitinkayang'ana zibakera za mwana, tinkayang'ana ntchito ya bambo ake. Mwana wa kalaliki wa ku ofesi Dayisoni sankamuyamba, ngakhale anali wochepa kuposa iyeyo. Mwana wa khukhi wa kunyumba kwa mzungu ankamusekerera. Panali mnyamata wina wochokera cha ku Changata, amene makolo ake ankalima munda wawowawo kunja kwa esiteti. Dayisoni atamuputa tsiku lina, mnyamatayo anamuwomba mbama yoti aliyense anaimva, ndipo palibe chimene chinachitika. Tonse tinadziwa chifukwa chake: amake a mnyamatayo sankaima pa sikelo ya kapitawo. Otsalafe, ana a anthu othyola tiyi, ndife amene tinali ndiwo zake.

Lachisanu lililonse tikamaliza kuwerenga tinkapita kukapalira m'munda wa aphunzitsi. Ankati ndi ntchito ya manja, koma chimanga chake ankadya okha. M'mundamo mwana aliyense ankapatsidwa ndime yake, yoyezedwa ndi nsungwi, ndendende mmene ankayezera ndime za akuluakulu ku esiteti. Ndiye tamvani nzeru za aphunzitsi athuwo: nsungwi yoyezera ija anaipereka kwa Dayisoni, n'kumuika kukhala monitala. Mwana wotsiriza m'masamu, kumupatsa nsungwi! Ife tinkadziwa kuti udzu wofolera nyumba yawo ndi nkhuni zawo zinkachokera mu esiteti mwa chilolezo cha kapitawo, ndiye musandiuze kuti anamusankha chifukwa cha khalidwe.

Dayisoni anaigwira ntchitoyo monga ankaonera kwa bambo ake. Ankayenda manja kumbuyo, nsungwi ili m'khwapa, akutikalipira ndi mawu amene abambo ake ankakalipira nawo makolo athu. Ana a kalaliki ankawayezera ndime zazifupi. Kwa ine ankaponya nsungwi motalikitsa, kenako n'kundiwonjezera ndime yake yomwe, chifukwa ankati Anguru anabadwira khasu. Dzina limeneli ndi limene ankatinyoza nalo ife Alomwe. Ankatiseka kuti timadya kalongonda ndi njoka, chikhalirecho chinangwa chimene ankatafuna ali pamthunzi chinali chochokera m'munda mwa Mnguru yemweyo. Ndikachedwa kumaliza ankandikwapula m'miyendo ndi nsungwi ija. Tsiku lina nditamuyang'ana mwaukali, anangondiuza motsitsa mawu kuti, “Undiyang'anenso choncho, uone dengu la amako mawa.”

Ndinapirira chaka chathunthu ndi miyezi ingapo, ndipo sindinauze munthu kunyumba. Musanditenge ngati mwana wamantha, ine ndinali nditawerengera. Ndinkadziwa kuti ndime ziwiri pa Lachisanu ndingathe kuzilima, koma mayi anga akachotsedwa pa malo aja tilibe kolowera. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhate umene Dayisoni anakhalapo unali wathu. Komanso sukulu ndinkaikonda kwambiri. Ndinali woyamba m'banja mwathu kugwira sileti, ndipo ndinkafuna kudzakhala mphunzitsi. Maganizo anga anali oti ndikakhoza bwino ndidzapita ku sukulu yaikulu ya ku mishoni, Dayisoni n'kumusiya akubwereza kalasi ndi nsungwi yakeyo.

Zinawonongeka Lachisanu lina amalume anga a Mulipa akudutsa pa njinga. A Mulipa anali mlongo wawo wa mayi anga, mwini mbumba wathu. Anamenyako nkhondo ku Bama ali msilikali, ndipo atabwerako anagula makina n'kumasoka zovala pa khonde la sitolo ya mmwenye ku Luchenza. Anali munthu wabwino, wokonda abale ake, koma wa mtima wapachala, ndipo ankanena nthawi zonse kuti munthu amene waona mzungu akulira ku nkhondo sangaope kapitawo. Tsiku limenelo ankabwera kudzationa. Anandipeza ndekha m'munda wa aphunzitsi, anzanga onse ataweruka, Dayisoni atakhala pa chulu akundiwerengera mizere. Anaona mikwingwirima m'miyendo mwanga. Anangondikweza pa njinga.

Titafika kunyumba anandifunsa pamaso pa mayi anga, ndipo ndinaulula zonse chifukwa amalume sunkawanamiza. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kuseka. Anati kamwana kamene akaona pa chulu kaja, koti mphepo ya mu Julaye ingakauluze, ndi kamene kakundilimitsa ine chimtsikana chonse ichi? Kuseka kumeneko kunandipweteka kuposa nsungwi. Kenako ukali unawagwira, n'kunena kuti Lamulungu akaitula nkhaniyi kwa akulu a mpingo, popeza sukulu ndi ya mpingo ndipo kapitawoyo ndi mkulu wa mpingo, akayankhe pamaso pa Akhristu anzake.

Ndinagwada pansi, ndinawagwira mwendo wa buluku. Ndinati, “Amalume, musapite. Ine Dayisoni sindimuopa, ndimaopa sikelo. Mukapita atichotsa pano.”

Anandiuza kuti ndikhale chete, za akuluakulu sindizidziwa. Anati sukulu ndi sukulu, esiteti ndi esiteti, ndipo munthu wamkulu wopemphera sangalange mayi wosalakwa chifukwa cha ndewu ya ana. Ndinayang'ana mayi anga kuti andithandize. Mayi anangowerama, akusenda chinangwa. Kwathu mlongo wako wamwamuna akalamula pa nkhani ya ana, iwe mkazi sutsutsa, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso mikwingwirima ija inawawawa. Koma amalume ankagona ku Luchenza, pa malo amene kapitawo analibe nawo mphamvu. Kulimba mtima kwawo kunali kotchipa, chifukwa wolipira anali wina.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi akulu a mpingo anakhala pansi pa mtengo wa mbawa, aphunzitsi ali pomwepo. Amalume anayankhula bwino, osatukwana, ndipo anandiimika kuti anthu aone miyendo yanga. Ine ndinkayembekezera kuti kapitawo akalipa. Ayi ndithu. Anakhala phee atavala jekete lake, Baibulo lili pa ntchafu, akugwedeza mutu ngati womva chisoni. Amalume atatha, iye anaimirira n'kunena kuti, “Mwachita bwino kutiuza, a Mulipa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mwatithandiza kulera.” Kenako anatembenuka n'kuyang'ana kumene kunakhala azimayi. “Amake a mwanayu ndi awa, eti? Aja a m'gulu langa aja.”

Akuluakulu onse anawomba m'manja kuti nkhani yatha mwamtendere. Amalume anakwera njinga akuimba mluzu. Ine mawu otsiriza a kapitawo aja ndinamva kuti ndi chiopsezo, ndipo ndinadabwa kuti anthu a imvi onse aja palibe anamva chimene mwana wa sitandade thu anamva.

Lolemba aphunzitsi anatiimika pa mzere sukulu yonse, n'kumugoneka Dayisoni pa benchi. Anamukwapula ndithu, mpaka analira mokuwa, ndipo nsungwi anamulanda n'kuipereka kwa mwana wa kalaliki. Mukuganiza kuti ana amene ankazunzidwa naye limodzi anasangalala? Palibe anaseka. Titalowa m'kalasi, amene ndinkakhala nawo pa chipika chimodzi anasendera kutali, n'kundisiyira malo oti n'kugonapo. Ankaopa kuti Dayisoni angawaone pafupi ndi ine n'kukatchula mayina a makolo awo. Pa nthawi yopuma mnzanga wa pamtima, mwana wa wothyola tiyi ngati ine, anandipeza kuseri kwa tchalitchi kumene anthu sakanationa. Sanandiyamikire kuti ndawina. Anangondifunsa kuti, “Ndiye mupita kuti?”

Dayisoni sanandikhudzenso kuyambira tsiku limenelo, ndipo amalume atamva anati mwaona, zimafunika mwamuna. Koma sabata yomweyo mayi anabwera ku ntchito maso ali ofiira. Mayi anga anali atathyola tiyi kuyambira ali mtsikana, dzanja lawo linkadziwa lokha masamba awiri ndi kansonga, ndipo palibe tsiku limene dengu lawo linakanidwapo. Tsopano kapitawo ankapisa dzanja mpaka pansi, n'kutulutsa tsamba limodzi lokhwima, kaya analipeza momwemo kaya anabwera nalo m'manja, n'kulamula kuti akhuthule dengu lonse pansi asankhe. Mayi ankasankha atagwada, anzawo akuyezetsa n'kumapita. Pomaliza masamba anali atafota ndi dzuwa, kulemera kutatha. Mawa lake anawatumiza ku munda wakutali kumtunda, kumene tiyi anali atangodulidwa kumene, wopanda chothyola. Akafika pa sikelo mochedwa chifukwa cha mtunda, ankati sikelo yatsekedwa, tikiti osachonga. Sanawatukwanepo, sanawamenyepo. Lamulungu ankawapatsa moni pa khomo la tchalitchi, n'kuwafunsa kuti mwana uja miyendo yapola.

Mayi anapita kwa aphunzitsi kukapempha kuti ayankhule ndi kapitawo. Aphunzitsi anati iwo mbali yawo anachita, mwana anamulanga, za ku esiteti si za sukulu. Anthu inu, amene anatenga nsungwi ya ku esiteti n'kuilowetsa m'sukulu anali ndani? Amene ankaona kuchokera pa khonde lawo Lachisanu lililonse mtsikana mmodzi akulima ndime ziwiri anali ndani? Kukwapula Dayisoni sikunawatayitse kanthu, udzu wawo unkabwerabe. Mayi anapitanso kwa akulu a mpingo. Iwo anati nkhani ija inatha pansi pa mbawa, onse anagwirana chanza, ndipo kuibutsanso ndi kusakhululuka, kumene ndi tchimo. Mpaka lero ndikamva munthu wokhuta akulalikira kukhululuka kwa munthu wanjala, ndimatuluka panja.

Amalume atazindikira kuti zinthu zavuta anavala malaya awo a usilikali n'kupita ku ofesi ya esiteti kuti akaonane ndi mzungu. Anawakhazika panja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pamapeto pake kalaliki anatuluka n'kuwafunsa ngati amakhala pa esiteti. Atayankha kuti ayi, anawauza kuti ndiye alibe nkhani, achoke asanaitane alonda. Anabwera kunyumba akukankha njinga, osaikwera, ndipo tsiku limenelo sanatchule za ku Bama.

Mvula isanagwe, alonda awiri anafika pakhomo pathu. Anati bwana wauzidwa kuti mayi sakukwanitsa masiku a thangata, ntchito yawo ndi yosalongosoka, ndipo malowo akufunika munthu wina. Anatipatsa masiku ochepa. Chinangwa chathu chinali chisanakhwime, tinazula chomwecho, timizu ngati zala. Tinagwetsa tokha nyumba imene ndinabadwiramo kuti titengeko mitengo ya denga ndi chitseko, chifukwa kumene tinkapita kunalibe potengera zina. Oyandikana nafe anatithandiza mobisa, ena osatulukira n'komwe, ndipo sindiwada, nawonso anali ndi madengu awo oti akayezetse.

Tsiku lonyamuka tinadutsa pafupi ndi sukulu, chifukwa njira inali yomweyo. Ana anali panja. Dayisoni anali pakati pawo, ndipo atationa sanaseke. Anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Ndinkafuna kumuda ndi mtima wanga wonse, ndipo kwa zaka zambiri ndinamuda, koma lero ukali wanga waukulu suli pa iye. Anali mwana amene akuluakulu anamubwereka mphamvu zoti sakanatha kuzinyamula, ndipo ndikuganiza kuti tsiku limenelo naye anaona kukula kwake. Amene ndimawakwiyira ndi bambo ake, aphunzitsi aja, akulu a mpingo aja, ndi mzungu amene anachotsa banja pa malo osafunsa ngakhale nkhope yake.

Tinalowera ku Thekerani, kumene wachibale wina anatipempherako kamalo pa phiri. Mayi anasenza chitseko pamutu, mng'ono wanga akuwatsatira pambuyo. Amalume anamanga mitengo pa njinga akukankha, thukuta ndi misozi zikutsikira pamodzi. Ine ndinasenza dengu la ziwiya, sileti yanga ili pamwamba. Titapuma pa mtsinje wina, mayi anatula chitseko n'kukhala pa mwala. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mwana iwe, unkadziwa kuti zidzatere. Bwanji sunatiuze?”

Ndinati, “Ndinakuuzani, amayi.”

Amalume anadzuka n'kupita kukasamba kumaso.

Kumene tinakafikira sukulu inali kutali, kutsidya kwa mtsinje wodzaza nthawi ya mvula, ndipo panali munda watsopano wofunika kuswa pa phiri la miyala. Mayi okha sakanatha. Ndinati ndidzabwerera chaka chamawa, chaka chamawacho n'kukhala chinanso, mpaka ndinakwatiwa. Amalume anandisokera madiresi mpaka imfa yawo, osalandira kanthu, ndipo ndikudziwa kuti kunali kupepesa kwawo. Ndinkavala, koma diresi si sukulu.

Tsono inu owerenga, musandimve molakwa. Sindikunena kuti mwana akamazunzidwa kusukulu muzikhala chete. Kukhala chete kwanga kuja sikunali kwabwino, kunali kwa mwana amene analibe wamkulu womudalira. Chimene ndikunena ndi ichi. Mwana akakuuzani kuti wina akumuvutitsa, musayambe ndi kufunsa kuti wamkulu ndani pa awiriwo, ndipo musamuseke kuti akuopa kamwana. Mufunseni kuti womuvutitsayo ndi mwana wa yani, ndipo kuti iyeyo akuopa kuti chichitika n'chiyani akaulula. Akakuyankhani, mukhulupirireni. Mumakonda kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera, koma mwana amene amakhala pansi pa anzake tsiku ndi tsiku amadziwa kumene kukuchokera mphamvu kuposa inu amene mwangodutsa pa njinga. Musanapite kukakalipa, dzifunseni kuti mukabwerako inu n'kupita kwanu, atsale ndi moto umenewo ndani. Ngati ndi mayi wosauka ndi mwana wake, yambani mwapeza anthu oti aime nawo, makolo ena a ana ozunzidwa, kuti woipayo asapeze dengu limodzi loti alikhuthule.

Inu aphunzitsi, musamapatse mwana udindo chifukwa bambo ake amakuthandizani, ndipo musamanamizire kuti simukuona. Mumaona. Inu a mabwana, makapitawo a masiku ano, ana anu amamva mmene mumayankhulira kwa antchito anu, ndipo mawa amakayankhula chimodzimodzi kwa ana a antchitowo.

Ine ndili ndi zidzukulu pa sukulu tsopano. Wina akabwera atakhumata, sinditola ndodo ndipo sindimuuza kuti akabwezere. Ndimamukhazika pa mphasa, ndimatseka pakamwa pangapa, n'kumusiya ayankhule mpaka amalize. Ine ndinayankhula nditagwada, nditagwira mwendo wa buluku, ndipo panali akuluakulu awiri ondikonda. Akanangondimvera mpaka kumapeto, bwenzi lero mukundiitana kuti aphunzitsi.